Anthu aonda kapena anenepa mu vidiyo yanu? Konzani aspect ratio motere

Vuto la aspect ratio, komwe ndi kukula kopingasa kwa chithunzi poyerekeza ndi koimirira, limaoneka m'njira zingapo koma zodziwika ndi izi: mwaponya clip pa timeline (pomwe mumandandalika ma clip mu pulogalamu yoeditira) anthu onse aonda nkhope zatalika, kapena afupika n'kunenepa nkhope zili phwathalala, kapenanso anthu ali bwinobwino koma chithunzi chakhala kakang'ono pakati mizere yakuda itachizungulira mbali zonse zinayi. Chomwe ambiri amathamangira ndi kugwira pakona ndi mouse n'kukoka mpaka sikirini idzadze. Chonde musatero. Diso limanama, mukangoyang'ana nkhope yolakwika kwa mphindi zochepa imayamba kuoneka ngati ndi mmene munthuyo alili, ndiye mupanga export, mwini vidiyo n'kukufunsani kuti nanga ine ndanenepa liti chonchi.

Vutoli limabisala malo atatu basi: mu fayilo yomwe mwalowetsa, mu timeline, kapena pa export. Ntchito yaikulu ndi kupeza kuti lili pati, chifukwa mukalikonzera malo olakwika limasowa pa preview n'kudzatulukiranso kutsogolo. Tiyamba ndi fayilo.

Gawo 1, ifunseni fayilo kuti ndi yotani

Ikani kapulogalamu kaulere kotchedwa MediaInfo, tsegulani fayiloyo, muone zinthu zitatu: Width, Height ndi Display aspect ratio. Width ndi ma pixel opingasa, Height ndi oimirira. Tengani calculator mugawe yopingasa ndi yoimirira. 1920 kugawa ndi 1080 ikupatsani 1.78, imeneyo ndiye 16:9 ija. 1280x720 ndi 3840x2160 nazo ndi 1.78 yomweyo. 4:3 ya ma TV akale ndi 1.33. Ngati yankho la calculator likufanana ndi Display aspect ratio ndipo anthu akuoneka bwino mukaitsegula mu player, fayilo ilibe mlandu, pitani ku gawo 3.

Koma tinene kuti mwapeza 720x576, Display aspect ratio n'kulemba 16:9. Gawani 720 ndi 576, mupeza 1.25, yomwe si 16:9 komanso si 4:3. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera chifukwa tinazolowera kuganiza kuti pixel iliyonse ndi sikweya. Pa foni ndi makamera a masiku ano ndi zoona, koma makamera a tepi ya MiniDV, ma DVD ndi zambiri zojambulidwa pa TV nthawi ya SD, HD isanabwere, zinali ndi ma pixel omwe sali sikweya. Fayilo ya PAL (dongosolo la TV la ku Ulaya ndi mayiko ambiri a mu Africa) imakhala 720x576 kaya ndi 4:3 kaya ndi widescreen, ya NTSC (la ku America) imakhala 720x480 chimodzimodzi, kusiyana kwake ndi kachizindikiro kam'kati mwa fayilo kouza player kuti pixel iliyonse aitambasule bwanji poonetsa. Nambala yotambasulira imeneyo ndiye pixel aspect ratio. Ngakhale HD ilipo yotere, HDV, yomwe ndi HD yojambulidwa pa tepi, imasunga 1440x1080 koma imayenera kuoneka ngati 1920x1080, pixel iliyonse kuitambasula ka 1.333. Kachizindikiro kaja kakatayika, mwina wina anaikonveta ndi pulogalamu yosasamala kapena editor yanu sinakawerenge, widescreen yonse imapanikizidwa mu bokosi laling'ono ndiye anthu aja amaonda.

Nthawi zina MediaInfo nayo imanena zolakwika chifukwa imangowerenga zomwe zalembedwa mu fayilo, ngati zinalembedwa molakwika ikuuzani zolakwika zomwezo. Ndiye yesaninso ndi maso koma mwanzeru. Pezani chinthu chomwe mukudziwa kuti n'chozungulira ndipo chayang'anizana ndi kamera, wotchi yapakhoma, tayala la galimoto lojambulidwa cham'mbali, mpira. Ngati chikuoneka ngati dzira loimirira, vidiyo yapanikizidwa. Ngati dziralo lagona, yatambasulidwa. Tsegulani fayiloyo mu player wa VLC muzidina A pa keyboard, izisintha 16:9, 4:3, 1:1 ndi zina zotero, pomwe tayala labwerera kukhala tayala ndiye ratio yeniyeni imeneyo. Dziwani kuti VLC apa sikusintha fayilo, ikungokuonetsani.

Gawo 2, uzani editor ratio yoona, clip isanapite pa timeline

Ili ndiye gawo lomwe limadumphidwa kwambiri pomwe ndi lomwe limathetsa zambiri. Simukufunika kutambasula chilichonse pamanja, mukungoiuza pulogalamu kuti ma pixel a fayilo iyi uwawerenge chonchi.

Mu Premiere Pro pitani pa Project panel, osati pa timeline, right click clip yanu, Modify, kenako Interpret Footage. Pali chigawo cha Pixel Aspect Ratio, sankhani Conform to. Ya PAL widescreen tengani D1/DV PAL Widescreen 16:9 yomwe nambala yake ndi 1.4587, ya PAL 4:3 ndi 1.0940, ya NTSC widescreen ndi 1.2121, NTSC 4:3 ndi 0.9091, HDV ndi HD Anamorphic 1080 ya 1.333. Zimathekanso kuti zatembenuka, fayilo ndi ya ma pixel a sikweya koma Premiere yaiganizira kuti ndi yotambasula, pamenepo sankhani Square Pixels. Ubwino wake mutha kusankha ma clip onse a kamera imodzi n'kuwasintha kamodzi.

Mu DaVinci Resolve ndi right click pa clip mu Media Pool, Clip Attributes, tab ya Video, Pixel Aspect Ratio. Mu Vegas Pro ndi Properties ya clip, tab ya Media. Shotcut ili ndi Aspect ratio mu Properties panel, mungolemba 16 ndi 9. Ma app ambiri a pa foni alibe zimenezi, ngati mumaedita pa foni fayilo yotere muyambe mwaikonza pa kompyuta ndi njira ya ffmpeg yomwe ili kumapeto kuno.

Kanthu kamodzi kosokoneza pa PAL widescreen. Mukawerengera nokha, 576 kuchulukitsa ndi 16 kugawa ndi 9 ikubwera 1024, ndiye mukagawa 1024 ndi 720 pixel ikuyenera kukhala 1.4222, nanga 1.4587 ya Premiere ikuchokera kuti? Ikuchokera ku malamulo a TV a ITU-R BT.601, omwe amati chithunzi chenicheni cha 16:9 sichitenga ma pixel onse 720, ochepa a m'mphepete ndi otsalira. Ndiye ndi 1.4587 clip imatambasuka kufika cha m'ma 1050, yapitirira 16:9 pang'ono, ndipo mukaikwanitsa mu 1920x1080 muona timizere takuda topyapyala pamwamba ndi pansi. Si kuti mwalakwitsa. Onjezani Scale pang'ono, ndi 2 kapena 3 peresenti, timizereto tisowa ndipo zomwe mwadula m'mbali nthawi zambiri ndi tinyalala takuda ta m'mphepete mwa tepi tomwe simumatifuna kale.

Omwe mumajambula ndi lens ya anamorphic njira ndi yomweyi. Lensyo imapanikiza chithunzi dala pojambula, luso lomwe linatchuka ndi CinemaScope mu 1953, ndiye inu mumatambasula ndi nambala yolembedwa pa lens, 1.33x, 1.5x kapena 2x. 1920x1080 yojambulidwa ndi 1.33x imasanduka pafupifupi 2560x1080.

Gawo 3, onani timeline yanu

Apa funso ndi loti vidiyoyi ikupita kuti. YouTube wamba, TV, projector zambiri: 1920x1080 kapena 3840x2160. TikTok, Reels, Shorts, status ya WhatsApp: 1080x1920, yomwe ndi 9:16. Post ya Instagram yoimirira pang'ono ndi 4:5, 1080x1350. Sankhani izi musanayambe kudula ma clip chifukwa kusintha ntchito itatha kumasuntha mawu, ma logo ndi zonse zomwe munaziika pamalo.

Msampha wake ndi uwu, ma editor ambiri amapanga timeline potengera clip yoyamba yomwe mwaponya. Ngati yoyambayo inali screen recording ya laputopu ya 16:10, kapena 4K ya 4096x2160 yomwe ndi 1.90 osati 1.78, kapena ka clip kakale ka 720x576, project yonse yatengera zimenezo inu osadziwa ndipo ma clip ena onse abwino ndi omwe ayambe kuoneka olakwika. Mu Premiere tsegulani Sequence, Sequence Settings, ngati Frame Size yakana kusintha ikani Editing Mode pa Custom, lembani 1920 ndi 1080, Pixel Aspect Ratio ikhale Square Pixels. Mu Resolve ndi Project Settings, Master Settings, Timeline resolution, ndipo ma version atsopano ali ndi kabokosi ka Use vertical resolution. Mu CapCut ndi batani la Ratio, lichotseni pa Original musankhe nokha. Mu Shotcut ndi Settings, Video Mode, lichotseni pa Automatic.

Timeline ya masiku ano izikhala ya square pixels nthawi zonse, ngakhale zinthu zonse zomwe mukuedita ndi za tepi yakale. Pokhapokha ngati mukupanga DVD.

Gawo 4, clip ndi timeline zikasiyana mawonekedwe

Tsopano fayilo ikuwerengedwa bwino, timeline ili bwino, koma clip ndi 4:3 timeline ndi 16:9. Palibe batani lamatsenga apa, njira zilipo zitatu ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Fit imakwanitsa chithunzi chonse n'kusiya mizere yakuda. Fill imakulitsa mpaka sikirini idzadze n'kudula zotsala. Stretch imakoka chithunzi, ndipo ndi yomwe imanenepetsa anthu, imeneyo iwalani kuti ilipo.

Mukasankha Fill pa 4:3 mu 16:9 mukutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi, lina pamwamba lina pansi. Pulogalamu imadula mofanana mbali zonse ndiye mitu ya anthu ndi yomwe imayamba kupita. Mukatha kukulitsa tsitsani Position pang'ono kuti mitu ibwerere, ndi bwino kutaya mapazi kusiyana ndi kutaya chipumi, ndipo muzichita shot iliyonse payokha osati kungokopera nambala imodzi pa zonse. Komanso kumbukirani kuti 576 kuti ifike 1080 mwaikulitsa kale 187.5 peresenti, mukaonjezanso kuti idzadze m'mbali ikufika cha m'ma 250, chithunzi chimafewa kwambiri. Ineyo zinthu zakale za 4:3 ndimakonda kuzisiya ndi mizere yake m'mbali, anthu amamvetsa kuti ndi zakale ndipo zimaoneka zaulemu kusiyana ndi zozuma mpaka nkhope kusungunuka.

Mu Premiere right click clip pa timeline. Ma version akale ali ndi Scale to Frame Size ndi Set to Frame Size, mayina ofanana koma ntchito yosiyana. Yoyambayo imaichepetsa clip n'kumanena kuti Scale ili pa 100, ndiye mukadzafuna kuzuma pa 4K yanu mukuzuma chinthu chochepetsedwa kale. Set to Frame Size imangosintha nambala ya Scale, quality yonse ikadalipo, tengani imeneyi. Ma version atsopano analemba Fit to frame ndi Fill frame. Kenako lowani mu Effect Controls, pansi pa Motion, muonetsetse kuti Uniform Scale ili ndi tick, ikapanda tick ndi pomwe mumakoka mbali imodzi yokha mosadziwa. Mu Resolve chofanana nacho ndi ka tcheni kapakati pa Zoom X ndi Zoom Y mu Inspector, kakhale kolumikiza. Project yonse mumaikonzera mu Project Settings, Image Scaling, pa Mismatched resolution files, pomwe pali Scale entire image to fit, Scale full frame with crop, Center crop with no resizing ndi Stretch frame to all corners. Ngati ma clip anu onse mu Resolve akubwera otambasuka yambani mwaona pamenepa. Clip imodzi yokha mumaisintha mu Inspector pa Retime and Scaling. Mu Vegas tsegulani Event Pan/Crop, right click pachithunzi, Match Output Aspect.

Ngati mizere yakuda simukuifuna komanso kudula simukufuna, pali njira yapakati ija mumaiona pa nkhani za pa TV. Koperani clip, ina ikhale pa track yapansi ina yapamwamba. Yapansiyo ikulitseni idzadze sikirini, ipatseni Gaussian Blur yambiri, muidetse pang'ono kuti isamakope maso. Yapamwamba isiyeni pa Fit. Resolve ili ndi effect ya Blanking Fill yochita zomwezi kamodzi, CapCut ili nazo pa Canvas kenako Blur. Kopi yapansiyo muichotse sound, apo ayi mawu amveka kawiri.

Za 16:9 kupita ku 9:16 ndiye zowawa kwambiri, mumangotsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la chopingasa, pa 1920 paja mukusunga ma pixel 608 okha, kenako n'kuwakulitsa 178 peresenti. Ndi chifukwa chake kujambula 4K kumathandiza ngati mukudziwa kuti mudzafuna zonse ziwiri. Auto Reframe ya Premiere yomwe inabwera mu 2019 ndi Smart Reframe ya Resolve Studio zimayesa kutsatira munthu zokha, pa munthu m'modzi zimagwira bwino ndithu, koma akakhala awiri akucheza zimangoyendayenda osadziwa wotsata. Oneraninso shot iliyonse mukonze pamanja pomwe zasochera.

Gawo 5, mizere yakuda yomwe inapsera m'chithunzi

Mwapanga Fit, zonse zili bwino pa manambala, koma kachithunzi kali pakati mizere mbali zonse zinayi. Izi zikutanthauza kuti mizere ina ili m'kati mwa fayilo momwemo, wina anapanga export ya widescreen mu bokosi la 4:3 ndi mizere pamwamba ndi pansi, kenako timeline yanu ya 16:9 yaonjezera yake m'mbali. Kuti mutsimikize ikani color matte yofiira, chithunzi chofiira ponseponse, pa track yapansi pa clip. Pomwe paoneke zofiira ndi malo opanda kanthu a timeline, pomwe pakhalebe pakuda ndi mizere ya mu fayilo.

Mankhwala ake ndi kukulitsa basi. Ikakhala 16:9 yeniyeni mu 4:3, chulukitsani Scale yomwe ilipo ndi 1.333 ndipo idzadza ndendende osataya chithunzi chilichonse. Ngati mukufuna kuyeretsa fayilo musanaiedite, pulogalamu yokonvetera vidiyo ya HandBrake imazindikira mizere yokha pa tab ya Dimensions, Cropping ikakhala pa Automatic. Ingosamalani ndi vidiyo zamdima, nthawi zina imadula chithunzi chenicheni poganiza kuti ndi mzere, onani preview musanadine Start.

Pali anzathu okonda mizere ya cinema ija, kuika ma PNG akuda pamwamba pa 16:9 kuti izioneka ngati filimu. Ngati ikupita pa TV yomwe yalamula 1920x1080 palibe vuto, ndipo Resolve ili ndi Output Blanking mu menu ya Timeline yochitira zimenezo bwinobwino, 2.39:1 imafuna ma pixel 138 pamwamba ndi 138 pansi. Koma ngati ndi ya YouTube pangani timeline ya 1920x804 basi, opanda mizere. Player wa YouTube amadzisintha kutengera vidiyo, ndipo amene akuonera pa monitor ya 21:9 kapena foni yaitali aiona itadzadza sikirini, pomwe mukapserezamo mizere iyeyo aona kabokosi kaja ka mbali zinayi.

Gawo 6, export

Mutha kukonza zonse bwino n'kudzaziononga pa sitepe yomaliza chifukwa cha preset. Mwaedita 1080x1920 kenako mwasankha preset ya YouTube 1080p, yomwe ndi 1920x1080, ndiye vidiyo yanu yoimirira yatsekeredwa mu bokosi logona. Njira yosavuta ndi Match Source mu Premiere, kapena mu Resolve kuona pa Deliver page kuti Resolution ikufanana ndi ya timeline. Onani zinthu zitatu musanadine: manambala awiri aja afanane ndi a timeline, Aspect ikhale Square Pixels, ndipo Scaling isakhale pa Stretch to Fill. Manambala onse awiri akhale ogawika ndi 2, H.264 wamba, njira yosungira vidiyo ya ma mp4 ambiri, sagwirizana ndi nambala ngati 803 kapena 853, ndi chifukwa chake timalemba 804 ndi 854.

Musadikire export ya ola lathunthu kuti muone ngati zatheka. Ikani In ndi Out, zizindikiro za poyambira ndi pothera, pa masekondi 10 pomwe pali chinthu chozungulira chija, tulutsani kameneko, katseguleni mu MediaInfo ndi mu player wina osati editor. Mukatsegula mu VLC onetsetsani kuti Aspect Ratio mwaibweza pa Default, poti munadinadina A paja, apo ayi muyamba kukonza vuto lomwe kulibe. Chimodzimodzi pa TV, ambiri amakhala pa Zoom kapena Wide mu picture settings ndipo amatambasula chilichonse chomwe mungawapatse.

Nanga ngati project inafufutika, mwangotsala ndi fayilo yopanikizika?

Apa ffmpeg ndi yomwe imapulumutsa, ndi yaulere, imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, kungoti mumalemba ma command. Ngati chithunzi chili chonse koma chizindikiro chokha ndi cholakwika, lembani:

ffmpeg -i yakale.mp4 -c copy -aspect 16:9 yatsopano.mp4

Imatha m'masekondi ochepa chifukwa -c copy sikukhudza chithunzi, ikungolemba chizindikiro chatsopano pa container, chikuto cha fayilo chomwe chimasunga vidiyo ndi mawu, quality osatsika ngakhale pang'ono. Vuto lake ndi loti si player aliyense amene amamvera chizindikiro chimenecho, ena amawerenga cha m'kati mwa stream, vidiyo yeniyeniyo, n'kupitiriza kuonetsa anthu oonda. Ngati fayilo ikupita kwa anthu ambiri kapena mu app ya pa foni, isandutseni ya square pixels kuti pasakhalenso zotanthauzira:

ffmpeg -i yakale.mp4 -vf "scale=1024:576,setsar=1" -c:v libx264 -crf 18 -c:a copy yatsopano.mp4

1024:576 ndi ya PAL widescreen. Ya PAL 4:3 ikani 768:576, NTSC widescreen 854:480, NTSC 4:3 640:480, HDV 1920:1080. Ka setsar=1 musakaiwale, popanda iko ffmpeg imasintha manambala koma imasungabe mawonekedwe akale aja ndiye fayilo yatsopano ituluka yopanikizika chimodzimodzi. Ndipo ngati fayiloyo ndi ya tepi kapena DVD, mwina ndi interlaced, muona timizere ngati mano a chipeso munthu akamayenda, onjezani yadif kutsogolo kwa scale, ikhale "yadif,scale=1024:576,setsar=1". MediaInfo ikuuzani pa Scan type ngati ndi Interlaced kapena Progressive.